Bokosi la Zotsala la ku Neno

Kalekale, osati kale la makolo ayi, kale la dzana lomweli, pa kampani ina ya ku Limbe yosamalira makompyuta a zipatala panali a Kathumba. Kuyenda kwawo mimba patsogolo, makiyi wejerewejere m'chiuno, mawu ngati akulankhulira mumgolo: "Detabesi ndine. Ine ndikayetsemula, zipatala makumi atatu zimagwidwa chimfine."

Detabesiyo ndi nkhokwe ya m'kompyuta yosungiramo mbiri ya odwala. Pulogalamu yatsopano ikamatuluka, mabokosi a m'nkhokwemo amafunika kusinthidwa. A Kathumba ankasintha pamanja, chipatala chimodzichimodzi, zaka khumi ndi zinayi, osalemba paliponse. Tsiku lina ali pachangu, pa chipatala china cha ku Neno, mndandanda wa mankhwala amene odwala sagwirizana nawo anauponya m'bokosi lolembedwa "zotsala". Ankadziwa okha.

Kenako kunabwera Sungeni, mtsikana wa digiri, woyenda ngati pansi pakutentha. Analemba kapulogalamu koti kazisintha mabokosi kokha, ndipo bwana anayamba kunong'ona kuti mpando wa a Kathumba ukungodya malo. Sungeni anafunsa a Kathumba katatu ngati nkhokwe za zipatala zonse n'zofanana. Katatu konse mkuluyo anati n'zofanana ngati mazira. Mtsikanayo anauza kapulogalamu kake kuti "zotsala" zonse ndi zinyalala, kafufute. Sanasuzumiremo n'kamodzi komwe.

Wachitatu ndi Mayi Nasibeko, oyesa zinthu zisanatuluke, oti ngakhale tiyi amamununkhiza kawiri. Lamulo limati ayese zipatala zonse. Koma bwana anawaima pamsana akugogoda wotchi, iwo n'kuyesa ziwiri za m'tauni, n'kusaina.

Lolemba m'mawa kapulogalamu kanathamanga, psiti! Mphindi zitatu, zipatala makumi atatu. Bwana anavina mpaka tayi inagwera mutiyi. Lachitatu ku Neno mayi wa ana anayi anabayidwa jakisoni amene thupi lake limakana, poti kompyuta inangokhala duu osachenjeza adokotala. Anamuika m'manda Lachisanu.

Bwana anawaitana atatuwo, nati mmodzi achoke lero, dzina lake lipite kwa anamfedwa. Sungeni anati iye anafunsa. Mayi Nasibeko anati iwo anachita kufulumizitsidwa, uku akuyang'ana wotchi ya bwana. Bwana anaibisa m'thumba. A Kathumba mimba inali itaphwa, makiyi ali zii.

"Bambo Kathumba," anatero Sungeni, "ndinakufunsani katatu."

"Ndinkadziwa, mwanawe," anayankha mkuluyo, mawu a mumgolo aja atasanduka a udzudzu. "Ndinkangofuna kapulogalamu kako kalephere pang'ono, kuti mundikumbukire."

Tsono inu amene mwandimva, ana anayi aja akafunsa amene anapha mayi awo, tiwapatse dzina liti: la wonama poteteza mpando wake, la wofufuta osayang'ana, la wosaina osayesa, kapena la mwini wotchi uja?