Galimoto ya Nguluwe Yomwe Inkanjenjemera Ikaima

Kalekale, nyama zidakali kuyankhula ndipo zina zitaphunzira kugwira chiwongolero, kunali Nguluwe. Tili limodzi kodi? Tiyeni.

Nguluwe ameneyu anali ndi galimoto. Inali ya dizilo, yakale kwambiri, moti ngakhale Fulu ankati anaipeza itakalamba kale. Chitseko cha dalaivala ankamanga ndi waya. Batire inafa chaka cha dzombe, choncho kuti ilire ankachita kuikankha, ndipo ikalira sankaizimitsa mpaka dzuwa kulowa. Koma mwini wake ankayenda mimba patsogolo, makiyi ali lende m'chiuno. M'dera lonselo galimoto inali yokhayo, ndipo kumene kulibe ina, ngakhale chiphapha amachivulira chipewa.

Tsiku lina Mkango anamuitanitsa.

"Nguluwe, Loweruka likudzali mwana wanga akukwatiwa. Udzamunyamula pa galimoto yako mpaka kubwalo la madyerero. Ukadzamufikitsa bwino, udzakhala pa tebulo la akuluakulu, pafupi ndi ine. Akadzachita manyazi chifukwa cha iwe, udzakhalabe pa tebulo lomwelo, koma m'mbale."

"Wawa, bwana, palibe vuto," anatero Nguluwe akuwomba m'manja.

Koma vuto linalipo. Kwa milungu iwiri galimotoyo inali ikudwala. Ikamathamanga, bwinobwino. Ikangoima, injini ikulira, inkayamba kunjenjemera ngati wodwala malungo: gwede, gwede, gwede! Chiwongolero kuvina, magalasi kuvina, mano a Nguluwe kuwombana, kumbuyo utsi woyera uli tolotolo. Akaponda moto, kunjenjemera kunkatha. Akachotsa phazi, gwede, gwede, gwede!

Lolemba anapita kwa Nyani, makaniko wa pansi pa mtengo wa mango. Nyani anali ndi ovolosi yakuda bii ndi mafuta, ndipo kwa Nguluwe umenewo unali umboni wokwanira wa maphunziro.

"Achimwene, mwafika kwa dokotala," anatero Nyani. "Ndadziwa kale. Mphira zimene injini imakhalirapo zatha."

"Simuimvetsera kaye?"

"Kumvetsera n'kwa ophunzira ntchito. Ine ndimangonunkhiza."

Anatenga malegeni, nakulunga injini yonse ngati mtolo wa nkhuni. Anatenganso dengu la chinangwa ngati malipiro. Atamaliza, galimoto inaima pomwepo n'kumachita gwede, gwede, gwede, mpaka mango awiri anagwera pa boneti.

"Mwaona? Yachepa," anatero Nyani, chinangwa chili m'kamwa. "Ikuzolowera mankhwala."

Lachitatu anapita kwa Khwangwala, uja wa kolala yoyera m'khosi. Khwangwala anazungulira galimotoyo katatu, mutu atapendeketsa.

"Mwana wanga, iyi si nkhani ya sipanala. Adani ako aikamo chiwanda. Nsanje, mwana wanga, nsanje."

Mawu amenewa anamukomera Nguluwe, pakuti palibe chokoma ngati kumva kuti anzako akukuchitira nsanje. Khwangwala anawaza madzi pa boneti nakuwa, "Tuluka! Tuluka! Tuluka!" Galimoto inayankha, gwede, gwede, gwede!

"Tamverani, chikunjenjemera ndi mantha," anatero Khwangwala. "Pofika kunyumba chikhala chitatuluka."

Anatenga dengu la mtedza. Nguluwe anafika kunyumba, ndipo chiwandacho chinaoneka kuti malowo chawakonda.

Lachisanu, tulo titamusowa ndipo mbale ya Mkango ikumubwerera m'maganizo, anapita kwa Mayi Nanzikambe. Onse ankadziwa kuti mayiyu injini amaidziwa, koma ambiri ankamupewa chifukwa anali wochedwa komanso wa mafunso. Anatuluka m'nyumba mwake, phazi kutsogolo, phazi kubwerera, phazi kutsogolo. Diso limodzi linali pa injini, lina pa Nguluwe.

"Musaizimitse. Isiyeni ilire yokha, phazi lichoke pamoto," anatero. Anamvetsera nthawi yaitali, mpaka Nguluwe anayamba kupalasa pansi.

"Imanjenjemera m'mawa mokha ikazizidwa, kapena ngakhale itatentha?"

"Nthawi zonse."

"Mukaponda moto?"

"Imasiya."

"Utsi woyerawu unayamba limodzi ndi kunjenjemerako?"

"Eya. Mayi, ndabwera kudzakonzetsa galimoto, sindinabwere pamlandu."

"Dizilo mumagula kuti?"

"Kumalo omwetsera mafuta, ngati aliyense."

Diso lija linali pa Nguluwe linazungulira pang'onopang'ono. Anadula malegeni a Nyani, nalowetsa chitsulo pansi pa injini n'kuyesa mphira zija.

"Mphirazi n'zamoyo kuposa inu," anatero.

Kenako anatsegula kunsi kwa sefa ya mafuta, nakhetsera m'botolo. Anakweza botololo padzuwa. Pamwamba panali dizilo, pansi madzi, pansi penipeni matope.

"Kumalo omwetsera mafuta kumeneko kuli achule? Muno mukungosowa mbululu zokha."

Nguluwe anayang'ana kumwamba, anayang'ana kumbali, kenako anayankhula chapansipansi. Ankagula kwa Fisi, m'zigubu, kuseri kwa chulu. Kunali kotchipa.

"Kotchipadi," anatero Nanzikambe. "Madzi a m'dambo sanakwerepo mtengo."

Ndiye anamuonetsa timapaipi tinayi tachitsulo tolowa m'mutu wa injini.

"Injiniyi ili ngati amayi anayi osinja mumtondo umodzi. Mmodzi akamangogwira munsi osasinja, kamvekedwe kamatsimphina. Akamasinja mofulumira simungamve. Akamasinja mofatsa, aliyense amamva. Tiyeni timupeze waulesiyo."

Anamasula pang'ono nati ya paipi yoyamba. Injini inatsamwa, khu, khu, kutsala pang'ono kuzima. "Uyu akusinja." Anamanga.

Anamasula yachiwiri. Khu, khu! "Uyunso akusinja." Anamanga.

Anamasula yachitatu. Palibe chinasintha. Injini inapitiriza gwede, gwede, gwede wake yemweyo, osazindikira n'komwe kuti wina wachoka. Anayesanso yachinayi kuti atsimikize, ndipo inatsamwa ngati zinzake.

"Wachitatuyu ndiye wangoima. Kamlomo kake kopopera dizilo kadyedwa ndi madzi a Fisi. Tiyenera kutsuka thanki, kusintha sefa, ndi kuitanitsa kamlomo katsopano kutauni. Masiku atatu."

"Atatu? Ukwati ndi mawa!"

"Ndiye pitani kwa Mkango lero lomwe, mukamuuze zoona. Akalipa, koma sakudyani. Mkwatibwi akwere ngolo ya a Bulu. Palibe anafapo ndi ngolo."

Nguluwe anaona Bulu m'maganizo mwake, atakhala pa tebulo la akuluakulu, makutu ali njo, akudya mpunga wake. Anaonanso dera lonse likumva kuti bwana wa galimoto amagula mafuta kuseri kwa chulu. Mtima unamuwawa kuposa mmene mano ankamuwawira.

"Mayi, inu mumayenda ngati mukuwerenga mchenga, n'chifukwa chake zonse kwa inu ndi masiku atatu. Imanjenjemera ikaima, si choncho? Basi, ine sindiima."

"Nzeru zimenezo n'zazikulu, a Nguluwe," anatero Nanzikambe. "Sindikudziwa kuti mutu umodzi wazinyamula bwanji."

Loweruka linafika. Galimoto anaikongoletsa ndi maluwa mpaka dzimbiri linabisika. Mkwatibwi anakwera, Nguluwe ali chipondere moto, injini ikubangula, ndipo anthu ankati nayonso ikusangalala. Popeza mikango yaikazi ilibe manyenje, mkwatibwi anali atavala wigi yaitali yochokera kutauni, ndi velo pamwamba pake. Pambali pake panakhala azakhali ake, keke ya nsanjika zitatu ili pamiyendo.

Panjira amayi anatchinga msewu ndi nyimbo kuti avine pang'ono. Nguluwe analiza hutala nadutsa pakati pawo, zitenje zili balala. Sanaime.

Patsogolo anapeza Fulu akuwoloka msewu, ulendo womwe anauyamba Lachinayi. Nguluwe anakhotera m'munda wa eni, nathyola mizere isanu ya chimanga. Sanaime.

Pachipata cha bwalo, pakati penipeni pa msewu, panaima Mkango mwini wake, dzanja lili m'mwamba.

"Ima pomwepo, ajambule zithunzi. Ndipo chotsa phazi pamotopo, ndikufuna kulankhula onse amve."

Nguluwe anatuluka thukuta. Aizimitse? Ndiye mwana wa Mkango alowe m'bwalo mochita kukankhidwa ngati thumba la makala? Apitirize kuponda? Mkango anali akumuyang'ana. Anachotsa phazi.

Gwede, gwede, gwede!

Maluwa anayoyoka. Keke inayamba kuvina pamiyendo ya azakhali: nsanjika yapamwamba inatsetserekera pa diresi, yachiwiri inapita pankhope ya azakhali, yachitatu inakhala pansi. Mkwatibwi anafuna kukuwa "Ababa!" koma chomwe chinatuluka ndi "A-ba-ba-ba-ba!" Wigi inasuntha, inasunthanso, inatsikira pamphuno, kenako inatulukira pawindo n'kukagwa pamapazi a Mkango. Wojambula, poti anali wokhulupirika pa ntchito yake, anajambula.

Kenako kuchimuna wina anaseka, ndipo onse anagwa nacho chikhakhali.

Mkango sanabangule. Anangovula jekete, nalipinda bwinobwino, napatsa mkazi wake kuti amugwirire.

Nguluwe anakankha chitseko, kuiwala kuti anachimanga yekha ndi waya. Anatulukira pawindo, mimba ikukana, chikhadabo cha Mkango chikumupala kumchira. Anathamanga osacheuka mpaka m'nkhalango yowirira, mmene ngakhale dzuwa limapempha njira. Mpaka lero ali momwemo. Masana saonekera, ndipo mukamupeza akufukula chinangwa m'munda mwanu, mudzamva akudandaula yekha, gu, gu, gu, ngati injini yodwala.

Galimotoyo Mkango anati aichotse pamaso pake, ndipo anaipereka kwa Nanzikambe. Mayiyo anatsuka thanki, anasintha sefa, anaika kamlomo katsopano. Tsiku lachitatu anaika kapu yodzaza madzi pa boneti, injini ikulira, ndipo ngakhale dontho silinatayike. Amaiyendetsabe, pang'onopang'ono, ndipo amaima paliponse pamene wafuna.

Choncho inu nonse, wokuuzani matenda anu enieni musamuthawe chifukwa mawu ake ndi owawa, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi. Ndipo vuto limene mwalibisa ndi liwiro silinathe ayi. Likungodikira tsiku limene mudzaime, ndipo tsiku limenelo anthu amakhala ambiri.

Nthano yanga yazimira pomwepa. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaphule, ikapserera asadzati ndine.