Ndege ya a Yahaya ndi Penti wa Mkamwini

Pakhonde pa a Yahaya ku Liwaladzi panali chinthu chimene mwana aliyense ankachidziwa koma osachikhudza: kandege kolendewera kudenga, kotalika ngati mkono wa munthu wamkulu, mapiko atang'ambika, akangaude atamangapo mudzi. Mkuluyu anabwera nako kuchokera ku Joni kumene ankagwira ntchito m'galaja ali mnyamata. Sikanali kachidole kokankha ayi. Kanali ndi injini yakeyake yonga dzira la bakha, ndipo kuphiko lakumanzere kunkatuluka mawaya awiri ataliatali opita ku chogwirira. Woulutsa amaima pakati pa bwalo, kandege n'kumamuzungulira. Akadzutsa dzanja kamakwera, akaweramitsa kamatsika. Akuluakulu a m'mudzimo ankalumbira kuti anakaona kakuuluka. Achinyamata ankangoti, “Eya, agogo,” uku akutsinana.

Tsopano maso a a Yahaya anali atachita nkhungu, akazi awo atatsogola, ndipo mwana wawo Fahad anali atagamula kuti Idi ikangopita adzawatenga kukakhala nawo ku Lilongwe. Ramadhani itayamba, mkuluyo anaitana mwana wake Rahila, wogulitsa nsomba kumsewu, pamodzi ndi mwamuna wake Kalilu.

“Tsitsani ndegeyo,” anatero. “Ndisanachoke pamudzi pano ndikufuna ndiimvenso ikukoka dzanja langa. Kamodzi kokha. Zikatero Fahad anditenge, sindidzalimbalimba.”

Kalilu anachita kudumpha. Iyeyu anali wopenta maboti, ndipo boti lililonse lowala kuyambira Liwaladzi mpaka ku Ngala linadutsa m'manja mwake. “Baba, nkhani yatha imeneyo! Pa Idi, Insha Allah, anthu adzaiwala mpunga m'mbale.”

Ntchito inagundika, ndipo zoona zinenedwe, poyamba inkakoma. Atasenda nsalu yakale anapeza nthiti za m'mapiko zitafumbwa, zongogwira n'kukhala ufa. Kalilu anadula chiwale chouma, n'kumasema nthiti imodziimodzi, a Yahaya akupapasa iliyonse ndi chala. Ikanenepa ankaibweza: “Palaninso, apongozi.” Rahila anapereka mpango wake wopyapyala wa paukwati kuti akutire mapiko, ngakhale anayamba waulalatira kaye mudzi wonse. Injini anaimasula mwini wake. Anayala tizitsulo m'mbale, kutitsuka ndi parafini, n'kutibwezera m'malo mwake osaona, milomo ikungogwedera. Fahad anatumiza pa minibasi kabotolo kamodzi ka mafuta a injiniyo, amene sapezeka pamalo omwetsera galimoto.

Tsiku loyesa injini, ha! Kanthu kaja kanatsokomola, kanatsokomolanso, kenaka kanalira ngati udzudzu waukulu ngati ng'ombe. Mbuzi zinadula zingwe. Amayi anasiya futari pamoto n'kuthamangira kukaona. A Yahaya anaseka mpaka chisoti kugwa. Atazimitsa, ananyamula ndegeyo pa zala ziwiri, china pansi pa phiko ili china pansi pa linzake. Inakhala phee, osaweramira kumphuno, osagwera kumchira.

“Mwaona, apongozi? Izikhala chonchi. Penti mudzoze kamodzi, mopyapyala ngati mafuta a pankhope ya khanda. Boti limanyamulidwa ndi madzi, koma iyi imanyamulidwa ndi mphepo, ndipo mphepo ndi yaulesi.”

“Ndamva, Baba,” anatero Kalilu, n'kuitengera kuchisakasa chake kunyanja.

Anamva ndi khutu limodzi. Anadzoza woyera kamodzi monga anauzidwa, n'kuima chapatali. Sizinamukomere. Nsalu inkaonekera, ndipo m'mbali munali timaenje. Msodzi wina wopita kukasoka ukonde anasuzumira.

“A Kalilu, ndege ya Idi yoyera ngati sanda ya maliro? Dzanja lanu limeneli?”

Basi, pomwepo. Timaenje tija anatimata ndi phala lomatira ming'alu ya maboti. Anabwereza woyera. Pamwamba pake anaika wabuluu, uja wolimba amene mafunde a mwera amamulephera. Asodzi anaomba m'manja, iye anawonjezera mzere wofiira. Amayi otunga madzi anati wofiira amafuna wachikasu pambali pake, wachikasu anabwera. Kumphuno anajambula maso a nkhwazi. Pamapiko mwezi ndi nyenyezi. Woyamikira aliyense ankasiya chitini china chitatsegulidwa. Ndiye poti boti lopanda dzina ndi bokosi chabe, anafuna polemba. Mchira unachepa, choncho anaumatirira kathabwa, n'kulembapo zilembo zonenepa: ZONSE NDI NTHAWI. Pansi pake: KALILU WOPENTA, LIWALADZI. Zonsezo anazikuta ndi vanishi mpaka munthu kumadziona nkhope.

Rahila anafika kuchisakasako ali ndi beseni pamutu. Analitsitsa, n'kunyamula ndege ija ndi dzanja limodzi Kalilu asanamuletse.

“Bambo a Ummy, mwaidyetsa chiyani?”

“Ikani pansi, mudetsa!”

“Dzanja ili limayeza nsomba tsiku lililonse. Munaitenga ili usipa, lero ndi kampango. Ababa anati kamodzi.”

“Amake Ummy, za nsomba ndi zanu, za penti ndi zanga. Mphini yobwereza ndiyo imawala.”

“Mphini imauluka? Palani zimenezi nthawi ikadalipo.”

“Ndipale? Anthu a ku Ngala amva kale, akubwera kudzaona!”

“Akubwera kudzaona ndege kapena dzina lanu?”

Kalilu anangotembenuka n'kumatsuka burashi. Rahila sanasunge mawu m'kamwa, anakawatula kwa bambo ake madzulo omwewo. A Yahaya anaitanitsa ndegeyo kuti aiyese pa zala. Yankho linabwera laulemu: penti sanaume, Baba. Anaitanitsanso, penti anali asanaumebe. Munthu sakokana ndi mkamwini chifukwa cha penti m'mwezi wosala, choncho mkuluyo anangoti, “Chabwino, mwini ntchito akudziwa.”

Idi inafika. Anthu atatuluka ku mapemphero a swala sanapite kunyumba, onse analunjika kubwalo la mpira. Makanzu oyera mbee, ana ovala zatsopano, akabaza ataimika njinga zawo mumzere, ngakhale a kutchalitchi anabwera. Fahad anali atafika ndi galimoto, foni ili m'mwamba. Kalilu anatulukira atasenza ndege yofundidwa chitenje, akuyenda ngati wanyamula mkwatibwi. Atavundukula, bwalo lonse linati, “Haaa!” Inkawala ngati chambo chongovuulidwa kumene. Nthungululu zinalira. Ana ankawerenga mokweza za pamchira zija, Kalilu mano onse pamtunda.

A Yahaya sanaone kalikonse. Anali ataima kale pakati pa bwalo, chogwirira m'dzanja, Rahila atawagwira kanzu kumsana kuti asagwe pozungulira.

“Yakongola, mwanangu?”

“Yakongola, Ababa. Kukongola kokhako musadandaule.”

Kalilu anathira mafuta onse a m'kabotolo, anapukusa chopetera mphepo cha kumphuno, injini n'kulira. Anthu anabwerera m'mbuyo akukuwa. Mkuluyo anakoka mawaya mpaka kuti nga, anati, “Bismillah,” n'kugwedeza mutu. Kalilu anaitaya.

Inathamanga. Inathamangabe. Inadutsa pagolo ikuthamanga, mchira ukulima fumbi, ana akuithamangira pambuyo: “Iuluke! Iuluke!” A Yahaya ankatembenuka nayo pang'onopang'ono, nkhope itasintha.

“Ikukoka ngati ng'ombe yokana goli,” ananong'ona. “Rahila, andipatsa chiyani?”

Pomwepo inagunda kachulu n'kunyamuka. Bwalo linaphulika. Azibambo anaponya zisoti m'mwamba, wina anakuwa Takbir, gulu linayankha kuti Allahu Akbar. Mkuluyo anamva mawaya akunjenjemera m'dzanja monga kale, ndipo pakamwa pake panayamba kutseguka kuti aseke. Koma mchira wolemera uja unakhala pansi, mphuno inaloza kumwamba. Anaweramitsa dzanja, ndege inakana. Anaweramitsanso mpaka chigongono, inakanabe. Inakwera chilili ngati munthu wokwera mgwalangwa, inaima m'malere, mawaya n'kuti lende.

“Yandichoka,” anatero a Yahaya.

Inapidiguka. Makanzu anabalalika ngati akakowa, mayi wina anataya mbale ya mandasi, Fahad anagwa m'ngalande foni ili m'manja. Ndege inabwera chagada n'kuti phwa pakati pa bwalo, matayala ali m'mwamba akuzungulirabe. Injini inameza mchenga n'kukhala chete.

Kalilu ndiye anayamba kufika. Mapiko anali atathyoka pakati, mpango wa paukwati uli nsanza, mafuta otsala akulowa m'dothi. Penti anali atasweka zibenthu zokhuthala ngati chikhadabo cha chala chachikulu, mitundu yonse ikuoneka mosanjikizana. Chimene chinatsala chathunthu ndi kathabwa ka kumchira kokha. Rahila anakatola, anakapukuta pachitenje, n'kumupatsa mwamuna wake anthu onse akuona.

“Landirani. Dzina lanu silinavulale.”

Kalilu anabweretsa zidutswazo kwa a Yahaya. Mkuluyo anatola chibenthu chimodzi, anachipapasa, anachiyeza m'dzanja.

“Apongozi, zonsezi munapentera ine?”

Kalilu anayang'ana pansi.

“Ine maso ndilibe. Ndegeyi ndimaionera m'dzanja.”

Anakulunga mawaya ake bwinobwino monga ankachitira ku Joni, n'kupempha Rahila kuti awaperekeze kunyumba.

M'mawa mwake galimoto ya Fahad inaima pakhomo. Katundu atalowa, a Yahaya anakhala kutsogolo, chogwirira chija chili m'thumba la kanzu. Pakhonde panamveka kwee, kwee, kwee. Anali Kalilu, atakhala pansi ndi chidutswa cha botolo, akupala thupi la ndege, zibenthu zabuluu ndi zofiira zitadzaza beseni la nsomba la mkazi wake.

“Baba,” anaitana osadzutsa mutu, “chiwale chilipo. Idi ya chaka chamawa, Insha Allah.”

“Insha Allah, ngati dzanjali lidzakhalepo,” anayankha mkuluyo pawindo. “Mukamaliza kupala, apongozi, palaninso.”

Galimoto inalowa mumsewu waukulu. Rahila anaiyang'ana mpaka inazimirira, anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, kenaka anatembenuka.

“Beseni langalo mulitsuke. Anthu sagula nsomba zonunkha vanishi.”

Kamodzi kamene mkulu uja anapempha sanakapeze. Ndege inali itachira, injini ikulira, mphepo ilipo. Chinaigwetsa ndi dzanja losadziwa polekera, lomva kukoma kwa m'manja mwa anthu n'kumangotsegula chitini china. Akuluakulu sananame: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.