Mayeso Amene Ankalumpha Loko

Panali mayi wina wolemba mapulogalamu a pakompyuta. Chipatala china chinamupatsa ntchito yokonza tsamba la pa intaneti loti odwala azionapo zotsatira za magazi awo, aliyense zake zokha. Mayiyu ankadziwa kuti loko wa tsambalo, woletsa munthu kuona za mnzake, akangofooka, matenda a munthu asanduka nkhani ya pamsika.

Choncho analemba mayeso odziyendera okha. Mayesowo ankayamba afunsa seva, kompyuta yosunga tsambalo, kuti ndi ya msinkhu wanji. Ikakhala yatsopano, ankayesa loko. Ikakhala yakale, yosadziwa loko wa mtundu umenewo, ankangolumpha. Pamapeto, ngati sanapeze cholakwa, pankayaka kachizindikiro kobiriwira.

Tsiku lina woyang'anira seva anailetsa kutchula msinkhu wake, poopa akuba a pa intaneti. Anachita bwino ndithu, kungoti sanauze munthu. Mayeso aja akafunsa, seva inkangoti duu. Iwo n'kuitenga ngati yakale, n'kulumpha loko, kobiriwira n'kuyaka.

Tsiku lotsegulira tsambalo linafika, alendo oitanidwa ku mwambowo n'kukhala pamipando. Mayi uja anayendetsa mayeso komaliza, ndipo kobiriwira kanayaka asanachotse n'komwe dzanja pa kompyuta. Liwiro limenelo silinamusangalatse. Paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Anathyola loko uja mwadala, n'kuyendetsanso mayeso. Kobiriwira kanayakabe, kopanda ndi manyazi omwe.

Mayiyo anachita mantha kwambiri. Anabwezeretsa loko, n'kupita kwa mkulu wa chipatala. Mkuluyo anamukumbutsa kuti anthu akudikira, komanso kuti mayiyo mwiniwake wakhala akunena kuti zonse zili bwino.

"Pepani bwana, lero sititsegula," anatero mayiyo. "Mayeso anga sanapeze cholakwa chifukwa sanayang'ane n'komwe."

Alendo anabalalika akung'ung'udza, ndipo manyazi onse mayiyo anawasenza yekha. Koma palibe wodwala amene chinsinsi chake chinatuluka. Kuyambira pamenepo mayeso a mayiyo anasiya kufunsa za msinkhu. Ankagwedeza loko weniweniyo kuti aone ngati wagwira, ndipo akalumpha kanthu ankanena poyera.

Inu amene mukuphunzira ntchitoyi, mukamva kuti palibe cholakwa chapezeka, musafulumire kuomba m'manja. Yambani mwafunsa kuti chimene chayang'anidwa n'chiyani. Mlonda amene anagona tulo nayenso amanena kuti sanaone wakuba, ndipo sakunama.