Ndiwo Yoloza Kudenga

Kale kudziko la Ireland kunali mlimi wina wosauka. Kwawoko chakudya chinali mbatata, ija ife timati kachewere. M'mawa mbatata, masana mbatata, madzulo mbatata yomweyo. Mkazi wake ankaiphika ndi makoko omwe, n'kuikhuthulira m'dengu pakati pa nyumba, banja lonse n'kuzungulira, aliyense ndi kamchere ndi chikho cha chambiko.

Chaka china mlimiyo anapeza nthuli ya nyama ya nkhumba. Anaipaka mchere n'kuipachika kudenga, pamwamba pa moto. Anati idzadyedwa pa Pasaka. Pasaka itafika anati ayi, tidikire Khirisimasi. Khirisimasi itafika anati tidikirenso Pasaka. Ndiye nthawi ya chakudya aliyense ankatenga mbatata yake, kuiloza kunyama kuja, kenaka n'kuiponya m'kamwa. Ndiwo inali imeneyo. Ena mukuseka, koma umphawi umaphunzitsa anthu zinthu zomvetsa chisoni.

Nyengo yozizira itafika, mkazi uja anadwala. Mbatata inayamba kumukanika kumeza, thupi n'kumatha. Tsiku lina anati, "Bambo, tandidulirani kachidutswa chabe, ndimweko msuzi wake."

Mlimiyo anayang'ana kudenga, n'kuyang'ananso mkazi wake. Mpeni unali pomwepo.

"Pirirani mayi, Pasaka yayandikira. Tidzadya bwino mukachira."

Anamusendera mbatata, n'kumugwira dzanja kuti aloze.

Mkaziyo Pasaka sanaione. Tsiku la maliro mlimi uja anatsitsa nyama ija kuti aphikire anthu odzakhuza. Ataidula, anapeza m'kati muli mphutsi zokhazokha. Kunja kokha ndiko kunali kouma bwino ndi utsi. Anakaitaya kudzala, ndipo anamfedwa ndi alendo omwe anadya mbatata ndi mchere.

Abale anga, ine nkhani imeneyi imandiwawa. Mlimiyu sanali munthu woipa mtima, ndipo mkazi wake ankamukonda ndithu. Koma chikondi chakecho chinali chopachika kudenga, chongolozera. Ifenso tili choncho. Chifundo chimene Mulungu anatipatsa timachisungira tsiku lalikulu: wodwala uja ndidzamuona ndikapeza mpata, mbale wanga ndidzamukhululukira pa Khirisimasi. Paja zengerezu adalinda kwawukwawu. Chabwino chilichonse chosungidwa motero chimaola m'kati, kunja chikuoneka bwinobwino. Alipo munthu amene wakupemphani kachidutswa chabe. Mukatuluka muno, katsitseni nyamayo mumudulire, akadatha kumeza.