Ankhondo a Aphunzitsi

Pagalaja yapakona panali wopenta magalimoto wina amene anthu ankamutcha Kalilole. Dzinali silinali lomupatsa mwaulemu chabe. Galimoto ikatuluka m'manja mwake, azimayi odutsa ankaima n'kukonza mpango poyang'ana pachitseko chake. Luso analidi nalo, tisamunamizire. Koma luso likakula limatupitsa mutu, ndipo pa nkhani ya penti makutu a Kalilole anali okongoletsa basi.

Mlongo wake anakwatiwa ndi mphunzitsi wopuma pantchito, bambo wofatsa amene aliyense ankangomuti Aphunzitsi. Bamboyu anali ndi chizolowezi chimene achibale ankachiseka m'seri: kupenta tiasilikali tapulasitiki totalika ngati chala. Panali ankhondo a mikondo, oponya mivi a makutu osongoka, zimphona zonyamula zibonga, ndiponso chinjoka chamapiko chimodzi. Akamaliza kupenta kalikonse, ankakamata pakambale kake koimapo, n'kuwazapo mchenga ndi tiudzu. Miyala ankasema kuchokera ku chithovu choyera chija amakutira nacho mawailesi m'makatoni, n'kuipaka utoto mpaka munthu kulumbira kuti ndi thanthwe. Loweruka ankanyamula gulu lakelo kupita kwa anzake, kumene ankandandalika ankhondo patebulo n'kumamenyanitsa poponya madayisi.

Kalilole akabwera kudzacheza ankaseka mpaka kugwira nthiti.

"Alamu, imvi zonsezi mukuseweretsabe zidole? Achemwali, kodi munakwatiwa ndi mwana wa mkaka?"

"Musiyeni," ankatero mlongo wake. "Bola zidole kusiyana ndi botolo."

Kenaka matenda a shuga anayamba kudya maso a Aphunzitsi. Anayesa magalasi, anayesa nyale yowala, koma nsonga ya kabulashi inkangosowa mu nkhungu. Chinjoka chija ndicho anamalizira, ndipo anadziwa yekha kuti sadzapentanso. Chinatsala n'chimodzi: kupopera vanishi pagulu lonse kuti utoto usamasupuke akamagwira. Anafuna kuti ngakhale maso atapita, azisewerabe ndi ankhondo ake, zala zikuwazindikira, anzake akumuuza mmene nkhondo ikuyendera.

Apa Kalilole chisoni chinamugwira, pakuti mlamu wakeyo ankamukonda ngakhale ankamuseka.

"Ndipatseni ine bokosilo, alamu. Likabwera simulidziwa."

"Zikomo kwambiri. Koma tamverani, tinthu timeneti sitifuna vanishi wamba. Pali wina amene..."

"Aa, alamu! Inu choko, ine penti. Ndinayamba ndakuuzanipo kalembedwe ka pabolodi?"

Aphunzitsi anaseka n'kungoti, "Chabwino. Mukakayika pena pake mundiimbire."

Kugalaja Kalilole anayala nyuzipepala pabenchi n'kundandalika ankhondo aja m'mizere. Kwa nthawi yoyamba anawayang'ana bwinobwino, ndipo kuseka kunamuthera. Kankhondo kalikonse kanali ndi maso, timadontho tiwiri tosaposa njere ya mchenga, koma toyang'ana ndithu. Wina anali ndi chipsera patsaya, wina dzimbiri pachishango. Mumtima anavomera kuti dzanja lake, ndi mbiri yake yonse, silingathe zimenezi.

Anatola kamodzi n'kukanda mwala wake ndi chikhadabo. Unali wopepuka, wofewa, wosafanana ndi chilichonse chimene anapoperapo. Kamtima kanamuuza kuti afunse. Foni anaitulutsa ndithu, dzina la mlamu wake n'kulipeza. Koma anakumbukira mawu ake a choko ndi penti. Iye Kalilole, amene amapenta magalimoto a mabwana, afunse mphunzitsi za vanishi? Nkhaniyo ikanamveka pa maukwati onse a pabanja mpaka kalekale. Anabweza foni m'thumba.

Anasankha vanishi wake wapamwamba kwambiri, uja amasungira makasitomala olemera, n'kumusungunula ndi thina wambiri, mankhwala aukali aja osungunulira penti, kuti alowe m'timakwinya tonse. Anadzaza mfuti yake yopopera ndipo anadutsa kamodzi, kawiri, katatu, dzanja likuyenda mwaukatswiri. Ankhondo ananyezimira ngati anyowa ndi mvula. Anatseka chitseko n'kupita kukawongola bampala ya kasitomala akuimba mluzu.

Atabwerera, mluzu unauma pakamwa. Miyala ija inali itasungunuka ngati mafuta pamoto, ndipo zimphona zinali zitapendama, zina zitagona chafufumimba. Utoto unachita makwinya n'kuyenderera. Mikondo inapindika. Nkhope zonse zinasanduka timabulunga tosalala, topanda diso, topanda mphuno. Anayesa kupukuta kankhondo kamodzi ndi kansalu, ndipo mutu wake unatsalira pansalupo. Chinjoka chinagwetsa mapiko ngati nkhuku yodwala. Kalilole anakhala pansi pa simenti, thukuta lili kamukamu. Galimoto ukailakwitsa umapala n'kuyambiranso, koma apa woyambiranso analibe maso.

Masiku anapita akuzengereza, mpaka mlongo wake anaimba kufunsa ngati bokosi libwere Loweruka lisanafike. Analinyamula, ndipo ngakhale linali la pulasitiki ndi thovu, linamulemera ngati la miyala yeniyeni.

Mlongo wake atatsegula anagwira pakamwa. Aphunzitsi anali pampando wawo pafupi ndi zenera, akumwetulira.

"Abwera anyamata anga? Fungo lokha likunena kuti adutsa kwa katswiri. Tandipatsani mkulu wa oponya mivi."

Palibe amene anawapatsa. Aphunzitsi anapisa okha dzanja m'bokosi, natola kamodzi, n'kuyendetsa chala chachikulu pankhope pake. Anakabweza, natola kena. Kenanso. Kumwetulira kunazima pang'onopang'ono.

"Alamu, nkhope zawo zili kuti?"

"Ndalakwa, alamu," anatero Kalilole. "Ndikugulirani ena, gulu lonse, ngakhale magulu awiri."

"Ankhondo ogula alipo ambiri m'sitolo. Nanga maso owapentera mukagula kuti?"

Sanakalipe, ndipo kufatsa kwawoko n'kumene kunamulasa Kalilole kuposa mbama. Aphunzitsi anafufuza chinjoka chija, nachiika pamiyendo, n'kumasisita mapiko ake opindikawo.

"Koma ndikufunseni chimodzi. Pamene munkapopera, simunakayikeko ngakhale pang'ono?"

Kalilole akanatha kunama, koma ananena zoona.

"Ndinakayika. Foni ndinaigwira m'manja."

"Ndiye?"

"Ndinachita manyazi."

Aphunzitsi anagwedeza mutu, natseka bokosi, napempha mkazi wawo kuti awauze anzawo aja asawadikire Loweruka.

Kalilole anatuluka chamutu pansi, manyazi amene anawathawa pafoni atamupeza ali ndi ana ndi zidzukulu. Funso la mpweya umodzi likanapulumutsa ntchito yomaliza ya maso a munthu. Akuluakulu sananame pamene anati safunsa anadya phula.