Masamba Khumi ndi Anayi a Woyesa Wachiwiri

Panali munthu wina, mphunzitsi wa sekondale, amene anatha zaka zinayi akulemba buku la kafukufuku wa digiri yachiwiri. Nkhani yake inali ya anankafumbwe m'nkhokwe za alimi. Chaka chimenecho chinali chomaliza. Akanapanda kumaliza, yunivesite ikanafufuta dzina lake.

Bukulo linapita kwa oyesa awiri. Mwambo wa kumeneko ndi wakuti wophunzira sauzidwa mayina a oyesa, amangolandira ndemanga zawo. Woyesa woyamba analemba mizere itatu yokha: mutu ndi wabwino, wolembayo wayesetsa, zina ndauza komiti. Wachiwiri analemba masamba khumi ndi anayi. Iye anati: manambala a pa tsamba ili akutsutsana ndi a pa tsamba ilo. Mwati munayendera midzi isanu ndi umodzi, koma mwatchula isanu. Ngakhale mpumiro wosowa anauona.

Komiti inam'patsa miyezi itatu yoti akonze, ndipo inati woyesa wachiwiriyo ndiye adzaone zokonzazo.

Munthuyo atawerenga masamba aja, mtima unamuuza kuti pali chiwembu. Anati munthu wopanda nawe chifukwa sangakufufuze mpaka mpumiro. M'malo motsegula buku lake, anayamba kusaka mdani. Anakumbukira dokotala wina wophunzitsa pa yunivesitepo amene tsiku lina sanayankhe moni wake pakhonde. Anamvanso mphekesera zoti dokotalayo sankamwerana madzi ndi amene ankamutsogolera pa kafukufukuyu. Basi, mlandu unatha. Katswiri wa anankafumbwe anasanduka wapolisi.

Mkazi wake anati, "Bambo a Tiyanjane, bwanji mungowerenganso midziyo?"

Iye anati, "Mayi, anthu amenewa simukuwadziwa. Ndikakonza izi, mawa abweretsa zina."

Miyezi iwiri inapita asanakonze ndi mzere umodzi womwe. Kenaka analemba kalata ku komiti, kudandaula kuti woyesa wachiwiri ali naye kampeni kumphasa, achotsedwe. Malamulo ankalola zimenezo. Kumapeto kwa mwezi wachitatu komiti inavomera, ndipo bukulo linatsala m'manja mwa woyesa woyamba. Munthuyo anakondwa kwambiri.

Patapita sabata, mkulu wa komiti anamuitana ku ofesi.

"Aphunzitsi, khalani pansi," anatero mkuluyo. "Woyesa woyamba anatiuza kale kuti buku lanu lalephera, ndipo sanasinthe maganizo. Mizere itatu ija inali ulemu chabe. Sanafune kutaya nthawi pa chinthu chimene iye anachiona ngati chakufa. Wachiwiri ndiye anakuikirani kumbuyo. Anati ntchitoyi alimi akuifuna, ndipo analemba masamba aja kuti atisonyeze kuti zolakwazo n'zotheka kukonza. Mwam'chotsa nokha."

Munthuyo anafunsa ndi mawu otsika, "Koma bwana, si adokotala aja osayankha moni?"

"Ayi. Ndi munthu wa kutali. Nkhope yanu sanaionepo."

Nthawi inali itatha, ndipo dzina lake linafufutidwa. Pobwerera kwawo, ali m'basi, anatsegula buku lake kwa nthawi yoyamba chilandirireni ndemanga zija. Anawerenga midzi ndi chala. Inalidi isanu.

Tsono inu ophunzira anga amene mwalandira ndemanga zanu sabata ino, ndakuonani mukunong'onezana pakhonde, kufunsana kuti walemba izi ndani. Zimandimvetsa chisoni, chifukwa munthu uja sanali mbuli, anangokhala wokayikira. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Munthu sataya masiku ake pa buku limene walitaya kale mumtima. Ngati mwapatsidwa mizere itatu, funsani bwino. Ngati mwapatsidwa masamba khumi ndi anayi, lekani kusaka dzina la wolemba. Pitani mukawerenge midzi yanu.