Denga la Galimoto ya Malemu Bambo

Galaja ya a Nyundo inali yopanikizika ngati khonde. Galimoto imodzi ikalowamo, munthu ankayenda chammbali, mimba ikukhudza galimoto, msana ukupukuta khoma. Koma ntchito yotuluka mmenemo inali yosachititsa manyazi. Galimoto yophwanyika pangozi ankaiwongola mpaka mwini wake kuiwala mbali imene inagundidwa. N'chifukwa chake dzina lawo lenileni linazimirira, aliyense n'kumangoti a Nyundo.

Kuseri kwa nyumba kunali galimoto ya malemu bambo awo, imene inakhala zaka khumi ndi ziwiri itafunditsidwa lona. Inali yamakedzana, yakuda, ya denga lalitali lobulungira ndi nyale ziwiri zotong'oka. Mayi awo, omwe tsopano ankayendera ndodo, ankati mmenemo ndi momwe anaphunzirira kukangana ndi mwamuna monong'ona, poti ana anali pampando wakumbuyo. Tsono atamva kuti kukubwera chionetsero cha galimoto zakale zokonzedwanso, a Nyundo analonjeza mayi awo kuti galimotoyo iyendanso, ndipo iwo adzakhala kutsogolo monga kale.

Atailowetsa m'galaja muja, injini sinavute. Chinavuta ndi zithunzi zimene a Nyundo ankaona pafoni. Ataona galimoto ya boneti yaitali, anatalikitsa yawo. Ataona ya matayala akuluakulu kumbuyo, anaika omwewo. Kenako mtima unagwa pa denga lofupika.

Loweruka lina kunabwera mlamu wawo, mwamuna wa mlongo wawo, telala amene tepi sinkachoka m'khosi mwake. Anapeza mizati ya denga italembedwa choko.

"Alamu, chokochi n'cha chiyani?" anafunsa telalayo.

"Ndikudula. Denga litsike ndi chikhatho chimodzi ndi theka."

Telala anayesa kubwerera m'mbuyo kuti aione bwino, koma anagunda khoma. "Kodi munayamba mwaitulutsa panja n'kuiona muli patali?"

"Kuti opikisana nawo andibere nzeru? Idzatuluka tsiku lake."

"Ine jekete sindiiweruza ili pamakina," anatero telala. "Ndimamuveka mwini wake, n'kumuuza kuti akaime pakhomo, ine ndili uko. Kolala imatha kukongola, matumba n'kukongola, koma munthu n'kumaoneka ngati wabwereka. Apa mphuno mwatalikitsa, kumbuyo mwakweza. Mukaphwanyanso mutu, chitsale n'chiyani? Tiyeni tiikankhire pamsewu, mphindi khumi zokha. Nsalu ukadula sibwerera, alamu, nanji chitsulo."

"Inu zanu ndi za singano, zanga ndi za moto. Ndinabwerapo kwanu kudzakuuzani poika batani?"

Pakhomo la galaja panali anzawo atatu a tsiku ndi tsiku, anthu oti sanagwirepo sipanala koma pakamwa ndiye akatswiri. Anaseka mpaka kugwirana. "Dulani a Nyundo, imeneyi ikhala ndege. Atelala akapime mathalauza."

Madzulo a tsiku lomwelo denga linadulidwa. Ndipo sizinathere pomwepo, a Nyundo anasiya kupereka moni kwa mlamu wawo, n'kuuza mlongo wawo kuti anakwatiwa ndi munthu wanjiru. Munthu waluso ndi wovuta kumulangiza kuposa wosadziwa kanthu, chifukwa manja ake amamuikira umboni tsiku lililonse. Kunena zoona, ntchitoyo inali yaudongo. Powotcherera sipankaoneka, penti yofiira inkawala moti munthu akanatha kumetera ndevu, nyale zakale zija anachotsa n'kuika zazing'ono zamakono. Paliponse pamene ankaima m'galajamo, chimene chinali pafupi ndi mphuno yawo chinali chokongola.

Tsiku la chionetsero galimoto inapita pa lole, ili m'lona. Anaitsitsa pabwalo lalikulu, pamzere wa zinzake, n'kuivundukula. Oweruza anali atatu, ndipo sanathamangire kuigwira. Anawerenga mapazi makumi awiri kuchoka pagalimotoyo, n'kutembenuka. Wina ananyonyomala, wina anapendeketsa mutu. A Nyundo anapita kukaima kumbuyo kwawo kuti amve zoyamikira, ndipo kwa nthawi yoyamba anaiona yonse galimoto yawo.

Mphuno inali itathawa kutsogolo, mbuyo inali m'mwamba, pakati pali kamutu kophwatalala ka mawindo otsinzina. Inkaoneka ngati nsapato yaikulu imene wina waiponda.

Mkulu wa oweruza, mayi wa imvi wovala magalasi, anawayandikira. "Mwawotcherera ndinu, bambo? Manja muli nawo, msoko wobisika chonchi sindiuona kawirikawiri. Koma denga ndi boneti sizikudziwana, matayala nawo akunena zawo. Galimotoyi inabadwa ndi msinkhu wake. Musanadule, munaiona muli patali?"

Funsolo a Nyundo anali atalimvapo kale.

Mphoto inapita kwina, koma zimenezo akanazipirira. Chapamasana anafika mayi awo, atagwiridwa mkono ndi telala uja. Anayenda pang'onopang'ono pamzere wa magalimoto, akusuzumira iliyonse. Anaidutsa yofiira ija osaicheukira, anakafika kumapeto, n'kubwerera.

"Iwe," anatero kwa mwana wawo, "galimoto ya bambo ako waiika kuti?"

A Nyundo analoza. Mayiwo anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatsekula chitseko chakutsogolo n'kuyesa kukhala, koma mutu unagunda denga, khosi n'kupindika. Anatuluka movutikira, n'kusisita dengalo ndi dzanja.

"Bambo ako ankalowa muno chipewa chili kumutu," anatero motsitsa. "Ndipititseni pamthunzi, ndatopa."

A Nyundo anamva chisoni chimene sanachimvepo chimwalirire bambo awo. Atayang'ana uku ndi uku, anzawo atatu aja anali atazungulira galimoto yopambana, akuuza mwini wake kuti imeneyo ndi ndege.

Anthu atayamba kubalalika, telala anabwera n'kugwira nsonga ina ya lona. Za Loweruka lija sanatchule. Anafunditsa galimoto awiriwiri, ndipo pomanga chingwe anafunsa chapansipansi.

"Zidutswa munadula zija, alamu, ndi nyale zija, zilipo? Mwina tingayese kubwezeretsa."

"Ndinapatsa otola zitsulo," anayankha a Nyundo, maso ali pansi. "Sabata yomweyo."

Telala anangogwedeza mutu, n'kumangitsa mfundo. Pobwerera anakwera limodzi kumbuyo kwa lole, ndipo panjira a Nyundo anapereka moni umene anaumana mlamu wawo kwa miyezi itatu. Pa anthu onse amene analowa m'galaja muja, mmodzi yekha ndi amene analolera kudedwa kuti denga la malemu lipulumuke. Akuluakulu sananame: wakutsina khutu ndi mnansi.